Mphaka wa zaka 9 wochokera ku Domwe: masabata asanu ndi limodzi oyamba, ndi momwe dzina lasinthira

Lero akwana masabata asanu ndi limodzi chifikireni kuno ku Ulongwe mphaka wamkazi, wotuwa ngati phulusa, amene eni ake ku Domwe anamusiya posamukira ku Moatize, kunyumba ya lendi kosaloledwa ziweto. Anafika akulemera makilogalamu 3.1, ndipo m'mawa uno sikelo yasonyeza 3.5. Tikulemba zonse motsatana chifukwa ambiri akamva za mphaka wokalamba amangoti "tengani kamwana", osadziwa kuti wamkulu ndiye wosavuta kumuweruza. Khalidwe lake linakhazikika kale. Ngati ndi wofatsa, mwaona kufatsa kwake, ngati amaluma, mudziwa tsiku lomwelo. Kamwana ka miyezi iwiri simungadziwe kuti kadzakhala kotani, komanso m'nyumba ya ana ang'ono ndi anapiye kamavuta chaka chathunthu.

Tisanavomere tinamuyang'ana mkamwa, chifukwa zaka zimene eni amatchula nthawi zambiri n'zongoganizira. Mphaka wamkulu amakhala ndi mano 30, ndipo onse amakhala atamera pofika miyezi 6 kapena 7, choncho kuchuluka kwa mano sikunena msinkhu. Chimene chimanena ndi maonekedwe ake. Wa chaka chimodzi mano ake ndi oyera mbee, akamafika zaka zitatu mpaka zisanu am'mbuyo amachita chikasu, ndipo wopitirira apo amakhala ndi zokakamira zolimba ngati mwala m'mphepete mwa nkhama, nsonga za mano aatali aja zitabuntha. Uyu dzino limodzi lalitali lakumanzere linathyoka nsonga, ndipo nkhama za kumbuyo kumanja n'zofiira. Zikhadabo zake n'zokhuthala, chimodzi chinali chitapindika mpaka kutsala pang'ono kulowa m'mnofu wa phazi, zomwe zimachitika kwa okalamba chifukwa sakandanso mitengo mokwanira kuti khungwa lakale la chikhadabo lisupuke. Zonsezi zikugwirizana ndi zaka 9 zimene anatiuza. Powerengera mwa anthu, chaka choyamba cha mphaka ndi ngati zaka 15, chachiwiri chimamufikitsa pa 24, kenako chilichonse n'kuwonjeza zinayi, ndiye uyu ali ngati mayi wa zaka 52. Si nkhalamba yothaitha. Wosamalidwa bwino amafika zaka 14 kapena 15, ena kupitirira.

Funso lenileni pa mphaka wa msinkhu uwu ndi impso. Matenda a impso ndiwo amapha amphaka okalamba ambiri, ndipo amayamba mwakachetechete: kumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi, kuonda pang'onopang'ono. Mungayeze nokha. Thirani madzi oyeza, tinene mamililita 300, m'mbale yake, ndi ena ofanana m'mbale ina imene iye sangaifikire, kuti mudziwe amene auma okha ndi mphepo. Pakatha tsiku lathunthu yezani zotsala. Wodya zakudya zamadzimadzi amamwa pang'ono chabe, wodya zouma za m'paketi amamwa pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Akamafika 100 pa kilogalamu ndiye kuti akudwala ndithu, kaya ndi impso kaya ndi shuga. Uyu masiku atatu otsatizana sanapitirire mamililita 90 patsiku. Tinawerenganso kapumidwe ali mtulo: kasanu ndi kamodzi m'masekondi 15, kutanthauza 24 pa mphindi. Kupitirira 30 ali mtulo kumaloza ku mtima kapena mapapo. Apa m'pamene tinati akhale. Akanakhala womwa madzi mosalekeza tikanamutengabe mwina, koma tikudziwa kuti tikutenga wodwala wofuna ndalama ndi maulendo a ku Tete, ndipo munthu ayenera kudzifunsa moona mtima ngati angakwanitse asanalonjeze.

Ulendo wake unali wa m'dengu lotseka pamwamba, pansi titayala nsalu imene ankagonapo kwawo, yosachapa. Katoni sitiikhulupirira, ikanyowa ndi mkodzo imabooka ndipo mphaka wotuluka m'chapa (minibasi) pakati pa msewu simumuonanso.

Sabata yoyamba anakhala m'chipinda chimodzi chotseka, mawindo omwe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mphaka wamkulu amamatira malo kuposa anthu, mukamutulutsa msanga amauyamba ulendo wobwerera kwawo, n'kukumana ndi agalu kapena galimoto panjira. Masabata atatu ali m'nyumba ndiwo ochepetsetsa, anayi ndi abwino. Masiku awiri oyamba anabisala kuseri kwa matumba a chimanga, ndipo sitinamukoke. Chimene tinayang'anitsitsa ndi mbale ya chakudya, chifukwa mphaka akakhala masiku atatu osadya chiwindi chimayamba kudzaza mafuta, makamaka wonenepa, ndipo matenda amenewo amapha. Usiku woyamba sanakhudze kanthu. Wachiwiri tinatenthetsa nsomba pang'ono kuti fungo lituluke, poti okalamba mphuno zimafooka, ndipo m'mawa mbale inali yoyera.

Chimbudzi chake ndi beseni lalikulu lapulasitiki limene tinalidula mbali imodzi kuti khomo litsike kufika masentimita 8, mkati muli mchenga wa kumtsinje wosefa ndi kuyanika, wokuya masentimita 5 kapena 6. Kudulako kuli ndi chifukwa. Amphaka ambiri a msinkhu uwu ali ndi nyamakazi m'chiuno ndi m'mawondo ngakhale satsimphina, ndipo akamamva kuwawa pokwera beseni amakachitira pakona, eni n'kumati ndi mwano. Beseni likhale kutali ndi mbale ya chakudya. Zonyansa timachotsa m'mawa ndi madzulo, mchenga wonse timasintha pa sabata, ndipo ntchito imeneyi mayi woyembekezera asaigwire chifukwa cha tizilombo ta m'chimbudzi cha mphaka timene timavulaza mwana m'mimba.

Pa chakudya m'pamene pali kusamvana kwambiri kumudzi. Kwawo ankadya nsima yonyika m'msuzi ndi makoswe amene wagwira, ndiye atayamba kuchedwa pa liwiro makoswe anachepa, n'chifukwa chake anaonda. Nsima imadzaza mimba koma mphaka ndi wa nyama basi. Thupi lake silipanga lokha mokwanira chinthu chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'nyama, makamaka mtima, ndipo chikasowa maso amachita khungu, mtima n'kufooka. Panopa akudya magalamu 120 mpaka 140 patsiku, ogawa katatu: mitima ndi nthutumba za nkhuku zophika popanda mchere, nsomba yophika yochotsa minga, dzira lophika kawiri pa sabata, chiwindi kachidutswa kamodzi pa sabata. Nyama yokhayokha ilibe zolimbitsa mafupa zokwanira, choncho timawaza ufa wa zikamba za mazira zowiritsa ndi kusinja, theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama. Kapenta wa ku Cahora Bassa amamukonda kwambiri, koma ali ndi mchere, ndiye timamuviika m'madzi kawiri, kutaya madziwo, kenako kuwiritsa. Nsomba youma ya chikowa ndiye mchere wake ndi wochuluka zedi, kwa mphaka wa zaka izi ayi. Msuzi wa anyezi ndi adyo umawononga magazi ake, mkaka wa ng'ombe umamutsegula m'mimba, mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kulasa matumbo.

Kumuyeza timagwiritsa sikelo yokoleka imene timayezera mbatatesi ndi nyemba, iye ali m'thumba lansalu, Loweruka lililonse asanadye. Sabata yachiwiri anangokhala pa 3.1, ngakhale ankadya bwino. Titayang'ana pogona pake tinapeza tinthu tonga timbewu ta mpunga, timene ndi tizidutswa ta njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi yobwera ndi nthata komanso makoswe. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 5 pa kilogalamu, ndipo mapiritsi ambiri a amphaka amawaphatikiza ndi pyrantel wopha njoka zozungulira. Wosaka makoswe amwe miyezi itatu iliyonse. Kuyambira sabata yachitatu sikelo inayamba kukwera. Akanapitiriza kuonda uku akudya kwambiri, tikanaganizira chithokomiro, chimenenso chimagwira okalamba.

Pa nthata tinadontheza fipronil wa amphaka pakhosi kumbuyo, pamene lilime silifika. Anzathu, mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin musamuthire mphaka ngakhale dontho, amanjenjemera, kukomoka, n'kufa. Dibi ya ng'ombe chimodzimodzi. Parasetamolo nayenso, ngakhale kachidutswa ka piritsi, amapha mphaka, choncho mukamuona akumva ululu musatsegule kabati yanu ya mankhwala. Ndipo nyumba imene mwalowa mphaka, poizoni wa makoswe atuluke, chifukwa khoswe amene wadya poizoni ndiye woyenda pang'onopang'ono, wosavuta kugwira kwa mphaka wokalamba. Katemera wa chiwewe anabayidwa sabata yachitatu kudzera kwa alangizi a ziweto a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, popeza panalibe pepala losonyeza kuti anabayidwapo. Chiwewe si cha agalu okha.

Tsopano dzina, limene latitengera nthawi kuposa zonse. Kwawo ankamutcha Mudzaona. Aliyense wakuno akudziwa mayina otere, opatsa galu kapena mphaka kuti poitana mawu akafike kwa mnansi amene munakangana naye. Mkanganowo unatsala ku Domwe, koma kufuula "Mudzaona!" pakhonde madzulo aliwonse m'mudzi wina, pa mphaka wachilendo, pamene ena amagwirizanitsa kale amphaka ndi za ufiti, n'kudziitanira milandu. Kusiya dzinalo kunali koyenera. Koma mphaka wa zaka 9 amalidziwa dzina lake ndithu. Kafukufuku wa Atsuko Saito ndi anzake ku Japan, wofalitsidwa mu 2019, anasonyeza kuti amphaka amasiyanitsa dzina lawo ndi mawu ena ofanana nalo kutalika, ndipo kuyankha kwawo nthawi zambiri n'kugwedeza makutu kapena kutembenuza mutu chabe. Choncho musayembekeze kuti athamangira kwa inu ngati galu, yang'anani makutu.

Tinayamba ndi kuyesa ngati amamva bwino, pokhwakhwaza pepala kumbuyo kwake ali chogona. Makutu onse awiri anatembenuka. Kenako tinadula dzinalo pakati. "Mudza" sanalabadire, "ona" anadzutsa mutu nthawi iliyonse. Ndiye dzina latsopano linayenera kuthera pa mawu omwewo. Phulusa, limene likumuyenera pa mtundu, linagwa pamenepo. Chona ndi dzina la mphaka aliyense, mukaitana abwera ndi a kwa aneba. Dona linamveka bwino kwambiri ndipo iye ankayankha, koma kuno ku Mozambique mukafuula "Dona!" mayi aliyense wodutsa pamsewu acheuka, ndipo wina akamva kuti mumaitana mphaka sangakondwe. Pa chifukwa chomwecho dzina la munthu wamoyo wa pabanja kapena m'mudzi tinalipewa. Tinakhazikika pa Nona: ndi lalifupi, lili ndi "ona" uja, pa Chichewa likunena za kunona kumene tikumufunira, ndipo pa Chipwitikizi likutanthauza wachisanu ndi chinayi, mogwirizana ndi zaka zake.

Kuphunzitsa kwake kunayenda motere. Masiku asanu oyamba tinkaitana onse awiri pamodzi, "Mudzaona, Nona", motsitsa mawu m'nyumba, ndipo akangocheuka kakapenta kamodzi koviika kali pakamwa nthawi yomweyo. Mukachedwa masekondi asanu sagwirizanitsanso dzina ndi chakudya. Kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa ulendo, m'mawa ndi madzulo asanadye, chifukwa wokhuta saphunzira. Masiku asanu otsatira tinatembenuza, "Nona, Mudzaona", kenako lakale tinalisiya. Pa tsiku la 12 anachokera kuchipinda china atamva Nona yekha. Chinabweza zinthu m'mbuyo ndi ana, amene ankaimba dzinalo tsiku lonse popanda chomupatsa, mpaka anayamba kulimva ngati phokoso wamba. Titagwirizana kuti aliyense woitana akhale ndi kanthu m'manja, patatha masiku anayi anayambiranso kucheuka. Dzinali sitiligwiritsa pomukalipira kapena pomugwira kuti amwe mankhwala.

Anatuluka panja koyamba sabata yachinayi, m'mawa asanadye, chitseko chili chotsegula, ndipo patatha mphindi 20 tinamuitanira chakudya n'kubwera. Usiku amagona m'nyumba. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno ku Angónia kumamulowa m'mafupa, ndipo tinamupeza kawiri atadzipinda m'phulusa la pamoto, ubweya wa pamchira utawauka. Tamuikira katoni yokhala ndi bulangete lakale pa mpando wamfupi, kutali ndi mbaula, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Amene muli ku Tete ndi Moatize vuto lanu ndi lina, kutentha kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kumene kumafuna mbale ziwiri kapena zitatu za madzi pamthunzi ndi simenti yozizira pogona. Mphaka akamapuma atayasama ngati galu ndiye kuti zafika poipa.

Chatsala ndi dzino lakumbuyo kumanja, pa nkhama zofiira paja. Akutafunira mbali imodzi ndipo nthawi zina amagwetsa chakudya. Kulichotsa kumafuna kumugonetsa, ndipo pa msinkhu wake dokotala wa ziweto ayenera kuyamba wayeza magazi kuti aone impso. Tikudikira afike makilogalamu 3.7, kenako ulendo wa ku Tete m'dengu lomwe lija, kunyamuka m'bandakucha kuti tifike dzuwa la kuchigwa lisanakwere.