Abambo, pa 15 Okutobala ana ndi anu

Okutobala wafika ndipo dzuwa lake mukulimva nokha, usiku munthu kugona mazenera otsekula koma thukuta osaleka. M'magulu a WhatsApp zayamba kale, wina akutolera ndalama za minibasi, wina akufunsa kuti nsalu ya Tsiku la Amayi yatuluka kapena ayi. A ku Lilongwe maso ali ku Senga Bay, a ku Blantyre ndi Zomba akuti Mangochi basi, a ku Mzuzu atsetserekera ku Nkhata Bay kapena Chintheche. Ine tsiku limeneli ndimalikonda kwambiri. Ana ambiri a m'tauni nyanja amaiona koyamba pa 15 Okutobala, ndipo nkhope ya mwana akaona madzi opanda malire aja, kutsidya osaoneka, ndi chinthu choti sungachiiwale.

Koma pali nkhani imodzi yomwe imandisowetsa mtendere chaka chilichonse, ndipo lero ndilankhula ndi abambo anzanga.

Taonani mmene zimakhalira tikafika. Galimoto yaima cha m'ma 10 koloko, abambo atsitsa mbaula ndi makala, apeza mthunzi, nyama pamoto, botolo m'manja, sipika ili pamwamba. Amayi, eni ake tsikulo, ali kalikiliki kutsekula mapoto a mpunga ndi nkhuku, kuvula ana, kufunafuna kabudula wa uyu, kuyamwitsa wakhandayo, kutsuka mbale. Ndiye pamamveka mawu aja, "Iwe, uziwaona azing'ono akowa." Akuuzidwayo ndi mtsikana wa zaka 11, yemwe naye sadziwa kusambira, naye wabwera kudzasewera, ndipo apatsidwa ana anayi. Akuluakulu alipo mwina 15 koma palibe ndi mmodzi yemwe amene maso ake ali pamadzi. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndi zoona, koma pagulu mwambi umenewu umatipusitsa chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana.

Chomwe ambiri sitidziwa ndi chakuti mwana akamamira sakuwa. Timaganiza kuti tidzamva "mayo ine ndikufa" ndi madzi kuthovoka ngati m'mafilimu, ayi ndithu. Kamwa imakhala ikulowa ndi kutuluka m'madzi, kampweya komwe wapeza akugwiritsa ntchito kupuma, sangathe kuitana. Amakhala choimirira, mutu wapendekera kumbuyo, manja akupalasa pansi, maso ali tong'o, ndipo ukamuona uli patali umangoti akusewera. Nthawi zambiri pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe wazimirira. Tsono onjezani phokoso la sipika ndi anthu mazana ali m'madzi momwemo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana osafika zaka 5 ndi omwe ali pachiopsezo chachikulu cha kumira, ndipo kwa iwowa sipafunika madzi akuya, ofika m'mawondo omwe ndi okwanira funde likamugwetsa chafufumimba.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati tikunenadi kuti ndi tsiku la amayi, mphatso yake isathere pa nsalu ndi keke. Abambo tengani ana. Gwirizanani musanatsike n'komwe m'galimoto kuti kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti woyang'ana ana ndi uje, dzina litchulidwe, ndipo iyeyo aime m'madzi momwemo kapena m'mphepete penipeni, foni m'thumba, mowa ayi. Kamwana kakang'ono kakhale poti ukatambasula dzanja ukagwira. Ikakwana nthawi amuuze mnzake pamaso kuti ana ndi awa, alipo angati, ndakusiyira, osati kungochoka poti nyama yapsa. Theka la ola aliyense, abambo anayi, maola awiri atha, amayi akhala pamkeka akumwa thobwa lawo mtima uli m'malo, mwinanso alowa m'madzi n'kusambira nawo osatembenukatembenuka. Ndipo ana onse atuluke nthawi imodzi kukadya, osasiya mmodzi poti iye wakana.

Za mowa ndinene mosabisa. Munthu amene wamwa sayenera kulowa m'madzi, sayenera kuyang'anira ana, sayenera kuyendetsa pobwerera. Ena mwa anyamata akuluakulu omwe timawamva pa wayilesi kuti amira pa zikondwerero amakhala oti anaphunzira kusambira pa dambo kapena pa damu kwawo, afika kunyanja, alawa pang'ono, akufuna kuonetsa anzawo kuti akafika pa bwato lili uko. Nyanja ya Malawi si damu. Kumpoto kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700, ndipo ngakhale kugombe kwenikweni pali malo oti ukuyenda bwinobwino madzi ali m'chiuno, phazi lotsatira pansi palibe. Asodzi ndi ana a konko amadziwa pomwe pali phompho, pomwe pali miyala, pomwe mvuu zimadutsa, ndiye mukafika apatseni moni n'kufunsa, sawumira. Pafupi ndi bango ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja pewanipo, ng'ona zimakonda pamenepo, komanso m'mawa kwambiri ndi madzulo kukamada si nthawi yoti mwana akhale m'madzi.

Machubu aja obwereketsa kugombe amandiopsa kuposa china chilichonse. Kholo likaona mwana ali pa chubu limamasuka, koma chubu sichigwira mwana, mwana ndiye amagwira chubu, akangoterereka basi. Komanso mphepo imachikankha pang'onopang'ono kulowera pakati, mwana ali kuseka, pomwe muzizindikira ali kale poti inu simungapondepo. Mwera weniweni umavuta kwambiri miyezi yozizira ija ya Juni mpaka Ogasiti, komabe ndi Okutobala yemwe nyanja imatha kusintha masana omwewo. Zokwera boti kukazungulira chilumba ndi zabwino, ana amasangalala, koma funsani life jacket, jekete ija yoyandamitsa munthu pamadzi, ya msinkhu wa mwana, ndipo mukaona boti ladzaza kale akuti "kwerani malo alipo", dikirani ulendo wina. Ndalama yanu ndi yomweyo.

Zikachitika kuti wina akumira ndipo inu simudziwa kusambira, musadumphiremo, maliro amakhala awiri. Kuwani kuti anthu amve, muponyereni choyandama, chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chimagwira ntchito, kapena mupatseni nsungwi, nkhafi, ngakhale nsalu yomwe mwamangayo inu mutagona pansi kuti asakukokereni. Akatuluka, zija zomuzondotsa miyendo m'mwamba kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi zimangotaya nthawi. Ngati sakupuma mugonekeni chagada, mpweya pakamwa, kenako kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mwachangu, wina akuthamangira galimoto. Ngakhale atatsitsimuka n'kumalankhula apite kuchipatala ndithu, madzi olowa m'mapapo amatha kuvuta pambuyo pake.

Dzuwa nalo musalipeputse. Mchenga wa masana umawotcha mapazi a mwana mpaka matuza, avale masilipasi. Madzi akumwa tengani anu okwanira ochokera kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala, tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inatipwetekera ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. Mwana akakhala m'madzi samva ludzu, mumuitane amwe. Ana achialubino chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta awo oteteza khungu, ndipo dzuwa likafika paliwombo akhale pamthunzi. Wakhanda wagona musamusiye m'galimoto ati poti kunja kuli phokoso, mkati mwa galimoto yotseka mumatentha koopsa pakanthawi kochepa. Ndipo kamwana kosadziwa nambala yanu kalembeni padzanja ndi cholembera, pagulu lija ana amasochera kwambiri, onse ali m'tikabudula tofanana.

Si tonse tipite kunyanja, mafuta a galimoto akwera, ndipo palibe cholakwika kukhala. M'madera ambiri amayi a Mvano ndi magulu ena a mpingo amakonza zawo, kudya pamodzi, kuyimba, kukaona okalamba. Kwathu kuno mabanja angapo timasonkha, abambo n'kuphika, ana n'kupanga sewero ndi ndakatulo za amayi awo, kenako fulaye, phada, chipako, mpira wachikulunga mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kunena zoona ana amakhuta chisangalalo chimodzimodzi. Kungoti kutentha kumeneku kumawathamangitsira kumadzi kulikonse komwe ali, kumtsinje, kudamu, pachitsime chosavundikira, ngakhale mu ndowa ndi beseni lochapira lomwe lasiyidwa pakhonde ndi madzi. Mvula yoyamba ikangogwa maenje oumbira njerwa adzadza, ndipo amenewo ali kuseri kwa nyumba zathu zomwe. Mango nawo akuyamba kupsa, ana m'mitengo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kwa opita, nyamukani kunyanja kusanade. Msewu wa Salima kupita ku Lilongwe uli ndi zitunda ndi makona, madzulo a tsikuli magalimoto amakhala mdipiti, ena oyendetsa atamwa, njinga za kabaza zopanda nyali m'mbali. Werengani ana ndi maina musanatseke chitseko. Ndipo nkhani siithera pofika kunyumba. M'malo ena a nyanja yathu, makamaka pomwe madzi ndi odekha ndipo pali udzu ndi bango, muli tinkhono tofalitsa likodzo, tizilombo take timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Zizindikiro zimabwera patapita masabata kapena miyezi, mwana kutentha thupi, kumva kuwawa pokodza, mkodzo wa magazi. Mukaona zotere musathamangire kugula mankhwala a malungo pa golosale, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti mwanayu anasamba m'nyanja mwezi wakuti. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu, amapereka molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa mwana, ndipo amwe atadya kaye.