Zikomo nonse amene munatithandiza kugombe

Nyengo yoswa ya mbalame za kugombe yatha, ndipo ife ofufuza tikufuna kuthokoza.

Choyamba inu odzipereka, amene munkapirira dzuwa tsiku lonse, n'kumalemba kuti munthu akayandikira mamita angati mbalame imathawa pachisa. Ndi ntchito yotopetsa, koma popanda manambala amenewo bwenzi tikungolankhula zam'mutu. Pajatu mbalamezi zimaikira pamchenga penipeni, mazira ake osasiyana ndi timiyala. Kholo likauluka, mazira amapsa ndi dzuwa, akhwangwala nawo amapezerapo mwayi.

Inu asodzi munasuntha pokocheza mabwato anu osanyinyirika, Mulungu akudalitseni. Nanunso bambo amene sitinakufunseni dzina, munamanga galu wanu pachingwe titangokupemphani, n'kuuzanso anzanu. Zikomo kwambiri. Ambiritu amayamba atikalipira kaye.