Ulendo wa ku Grosbois, Kumene Amaphunzitsa Akavalo a Mpikisano

Tinanyamuka ku Paris kudakali mdima, anthu asanu ndi anayi a kosi yathu ya zaziweto, pa sitima ya RER A mpaka pomwe njanji imathera, ku Boissy-Saint-Léger. Unali mwezi wa Januwale, chisanu chili cha dzaoneni, ndipo ine mwa changu changa ndinasiya magolovesi pabedi.

Grosbois, kufupi ndi pomwe tinatsikira sitima, ndi malo ophunzitsirako akavalo a mahekitala 412. Bungwe loyendetsa mipikisano ya akavalo okoka tingolo linagula malowa mu 1962, ndipo nyengo yozizira kumasonkhana akavalo ngati 1,500 okonzekera mipikisano ya pabwalo la Vincennes ku Paris.

Akavalowa sathamanga mmene timaonera m'mafilimu. Kathamangidwe kawo amakatcha trot: mwendo wakutsogolo wakumanja umaponda limodzi ndi wakumbuyo wakumanzere, kenako inayo. Kavalo akangotengeka n'kuyamba kujowa, oweruza amamuchotsa mumpikisano ngakhale akutsogola. Ndiye ntchito yonse yagona pamenepo, kuti nyama ifike pa liwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola koma osasokoneza mapondedwe, uku ikukoka kangolo ka matayala awiri kotchedwa sulky.

Ife tinabwera ndi maso ofuna liwiro. Zomwe tinapeza ndi akavalo akuyenda mwachifatse m'tinjira ta m'nkhalango, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Achimwene ena a m'gulu mwathu anafunsa ngati amenewa ndi odwala. Mphunzitsi wa akavalo amene anatilandira, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anaseka. Kudzera mwa wotanthauzira anatiuza kuti ntchito yolimba imachitika kawiri pa sabata basi, masiku enawo ndi oyenda mtunda wautali pang'onopang'ono kuti mtima, mapapo ndi mitsempha ya m'miyendo zikhwime. Minofu imalimba msanga, mitsempha imachedwa, ndipo wopupuluma amathyola kavalo asanaone n'komwe bwalo la mpikisano.

Mwayi wathu, linali tsiku lolimba la kavalo mmodzi wamkazi wofiirira. Anamuthamangitsa mamita mazana angapo pamchenga, n'kumubweza akuyenda, n'kumuthamangitsanso, kangapo konse. Pachifuwa anamumanga lamba woyeza kugunda kwa mtima. Kavalo akapuma mtima umagunda ka 30 mpaka 40 pa mphindi, koma apa unadutsa 200. Bambo aja sanasamale kwenikweni za kukwerako. Maso awo anali pa wotchi, kuona kuti utsika msanga bwanji. Atamumasula anagwada n'kusisita miyendo yonse inayi ndi manja, kufufuza potentha kapena potupa. Apa mpamene ndinakumbukira agogo anga akupapasa khosi la ng'ombe yapangolo madzulo, kuona ngati goli laisupula.

Nkhani ya ziboda inatidyera nthawi, ndipo sindikudandaula. Kulemera kwa nsapato yachitsulo kumasintha mmene kavalo amaponyera mwendo, choncho wosula amayesa iyi ndi iyo mpaka mapondedwe akhale bwino. Pa mipikisano ikuluikulu ambiri amavula nsapatozo kuti kavalo apepukidwe, koma chiboda chimaperepeseka, sungachite zimenezi sabata ndi sabata.

Aphunzitsi onse a akavalowa maloto awo ndi Prix d'Amérique, mpikisano wa mamita 2,700 umene unayamba mu 1920 ndipo umachitikira ku Vincennes Lamlungu lomaliza la Januwale. Bwalo la Vincennes lili ndi chitunda, ndiye kavalo wa liwiro lokha wopanda mpweya amathera pamenepo. Dzina la Ourasi, kavalo amene anapambana mpikisanowu kanayi, amalitchula ngati la mfumu.

Chakumasana anatilola kukwera kangolo kophunzitsira ka anthu awiri. Ine ndinakhala pambali pa mnyamata wogwira zingwe, mchira wa kavalo uli pafupi ndi nkhope yanga, mchenga wonyowa ukundithira m'maso ndi m'kamwa. Ndinakuwa kuti achepetse, iye n'kundiuza kuti apa sitinayambe n'komwe. Potsika zala zinali zitauma gwaa, moti ndinaziika pakhosi pa kavaloyo mpaka zinayambanso kumva.