Malonje a pansi pa galimoto

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa ena mwa inu itapotozedwa, ndiyambe ndi kutsutsa bodza lalikulu: ine sindinalire. Zimene apongozi anga anaona zikutsika m'masaya mwanga anali oyilo, ndipo wofuna umboni abwere adzaone malaya, akadali pachingwe.

Galimotoyo mukuidziwa, ija ya mipando iwiri imene mumaitcha ya munthu wosafuna abale. Ndi Mazda MX-5 yoyambirira, imene ku Japan inayamba kugulitsidwa mu 1989 pa dzina loti Eunos Roadster. M'mawa uliwonse inkasiya kadontho kakuda pasimenti, ndipo nditasuzumira ndinaona dontholo likulendewera pabawuti yokhetsera oyilo ya pasampu, pansi pa injini pamene pamakhala oyilo. Munthu aliyense woganiza bwino akananena kuti washala wa bawutiyo watha, ndipo inenso ndinatero.

Ndinaliza injini pang'ono kuti oyilo asungunuke, ndinakweza galimoto ndi jeke n'kuichirikiza bwino, kenako ndinakwawira pansi ndi sipanala komanso poto wamkulu amene ndinamupeza pamwamba pa kabati. Potoyo anali asanaphikirepo chichitikire ukwati wathu, choncho m'maso mwanga anali wopanda ntchito. Chimene mabuku sanena mokwanira n'chakuti oyilo wofunda satsika molunjika, amathamanga cham'mbali. Bawuti itangopulumuka n'kugwera m'poto, oyilo anadumpha poto yense, ndipo ine mwachangu ndinatseka bowolo ndi chala chachikulu. Nthawi yomweyo geti inalira.

Anali apongozi, atangotsika minibasi kuchokera ku Ntcheu, ndipo pakhomo panalibe wina aliyense. Ataona miyendo iwiri itatulukira kunsi kwa galimoto, anayala chitenje chapatali ndithu monga mwa ulemu, anakhala pansi, n'kuyamba kulonjera miyendoyo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera bwino, amayi, kaya inu anzathu... kaya inu amayi?"

Tsono inu mukudziwa kuti malonje a munthu wochokera kumudzi sadulidwa. Pamene ankafotokoza za mvula, oyilo anali atazungulira chala n'kufika pamkono. Nkhani ya mbuzi imene inalowa m'munda wa amfumu inamuperekeza mpaka pachigongono. Pofika pa mwendo wa amalume, umene unatupa, n'kuphwa, n'kutupanso, oyilo analowa m'khwapa, anaima pang'ono ngati mlendo woodira, kenako anatsetsereka ndi msana wonse mpaka palamba. Ine ndinkangoyankha kuti "pepani, pepani ndithu" ndi mawu onjenjemera, moti apongozi anakhudzidwa poona mmene mkamwini wawo amakondera amalume, ndipo anaibwereza nkhaniyo kuchokera pachiyambi.

Kenako anati: "Ndakutengerani nkhuku, bambo, ndi mbatata pang'ono."

Apa ndikufuna ondisekawo ayankhe moona. Kodi munthu woleredwa bwino akalandira nkhuku kwa apongozi amatani? Amawomba m'manja. Manja anga anachita zimene anaphunzitsidwa ali aang'ono, osafunsa mutu, ndipo oyilo yense amene anatsala m'injini, yemwe sakwana n'komwe malita 4 koma tsiku limenelo anali wokwana diramu, anandipeza kumaso ndili chigonere. Ndinatuluka ndikuwombabe m'manja. Nkhuku inandiyang'ana kamodzi n'kudula chingwe. Apongozi sanaseke, anangoweramira pansi pa galimoto n'kufunsa mofatsa ngati potoyo sanali uja anatipatsa paukwati.

Washala watsopano ndinamuika, oyilo watsopano ndinathira, ndipo kutacha kadontho kanali pamalo pake penipeni. Amakaniko ena achikulire a ku Ndirande ndiwo anandiuza kuti oyilo amaonekera pansi koma kwawo n'kumwamba. Tinatsuka injini yonse ndi palafini, itauma tinawaza paudala ya mwana, tinailiza, ndipo mzere wakuda unaonekera pa ufa woyerawo kuchokera kumbuyo kwa hedi, mutu wa injini, pamene pamalowa sensa imene imazungulira ndi kamshafuti, chitsulo chotsegula mavavu. Pamenepo pali kamphira kozungulira kamene kamauma ndi ukalamba, ndipo oyilo akadutsa amatsika kumbuyo kwa injini, n'kunyowetsa giyabokosi ndi sampu. Amakanikowo anayamba alemba chizindikiro pamene sensayo inakhalira asanaimasule, chifukwa ikabwerera mopendekeka taimingi, nthawi imene mapulagi amayatsira moto, imasokonekera. Kamphira kakaleko kanathetheka m'zala zawo. Anandiuzanso kuti ambiri amatsitsa giyabokosi yonse poganiza kuti silu, mphira wotchinga oyilo kumbuyo kwa injini, ndiyo yatha, choncho pa anthu onse onamizidwa ndi dontho limeneli, ine ndili m'gulu la ochenjera.

Potoyo anakwechedwa ndi mchenga ndi phulusa, koma mayi a kunyumba akuti tsopano ndi wanga. Nkhuku inapezeka kwa aneba. Gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini nayo yayamba kuchita thukuta, moti pakali pano ndangoyalapo katoni.