Chiwongolero chikamanjenjemera pa 90

M'tauni muno mu Chipata Corolla yanga inkayenda bwinobwino. Vuto linkabwera pa Great East Road polowera ku Katete: liwiro likangofika pakati pa makilomita 90 ndi 110 pa ola, chiwongolero chinkanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Ndikatsika pa 70, zii. Ulendo wa ku Lusaka, makilomita oposa 550, unali pafupi, ndiye ndinapita kukabalansitsa matayala.

Mnyamata wa pamalopo anayamba ndi funso: "Amalume, chikunjenjemera ndi chiwongolero kapena mpando?" Chikakhala chiwongolero, vuto lili kutsogolo, ukakhala mpando, kumbuyo. Galimoto yokokera mbali imodzi ndi nkhani ina, ya alaimenti, kutanthauza kuwongola momwe matayala aimira. Ena amangokulipiritsani zonse pamodzi, choncho funsitsani.

Anaikweza pa jeke n'kumasula matayala. Asanapite kumakina, anapala katondo wouma amene anamatirira mkati mwa limu, wa mumsewu wa kumudzi kwathu, wodzaza dzanja, wonse mbali imodzi. Dothi lokhalo limatha kugwedeza galimoto. Anatokosa timiyala m'mizere ya tayala, kuzula tizitsulo takale tobalansira tayala, n'kupopa mphepo molingana ndi muyeso wolembedwa pakhomo la dalaivala.

Pamakina analowetsa kukula kwa limu, mainchesi 15, n'kutseka chivundikiro. Tayala linazungulira kanthawi kochepa, pasikirini n'kutuluka manambala awiri: 35 kunja, 20 mkati. Amenewo ndi magalamu osowa. Analitembenuza ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka timagetsi tonse titayaka, n'kukhomera kachitsulo ndi hamala pamwamba penipeni, m'mphepete mwa limu. Limu yachitsulo amatero. Ya aloyi amamata mkati, ndipo akapanda kupukuta bwino kachitsuloko mudzakasiya panjira. Anazungulitsanso: ziro mbali zonse. Ine sindichoka pamakina ndisanaone ziro ndi maso anga.

Lakutsogolo kumanzere linavuta. Makina ankafuna magalamu oposa 100, ndipo pozungulira limu inkachita kupendama. "Iyi inagwera m'dzenje, amalume. Ngakhale ndikhomere zitsulo zingati, sizitheka." Tinaichotsa kuti ikawongoledwe, pamalo pake n'kuikapo sipeya, nayonso itadutsa pamakina.

Manati anamanga molumphalumpha, lino kenako loyang'anizana nalo, osati motsatana. Anandiuza ndikawayesenso ndi sipanala ndikayenda makilomita 50 kapena kuposerapo, ndiye ndinakachita zimenezo ndili ku Katete.