Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Madzi Otentha a ku Chiweta

Chaka cha 2010 chinandipeza ku Mzuzu kwa malume, satifiketi ya MSCE ili m'sutikesi, ntchito osaoneka. Malumewo ankayendetsa lole, ndiye anati m'malo momangowothera dzuwa pakhomo ndizikwera nawo ngati wothandizira. Katundu wathu anali malata ndi simenti, poti chivomerezi cha mu Disembala 2009 chinali chitagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Pobwerera tinkanyamula mpunga wa Kilombero.

Amene munayendapo msewu wa M1 mukuchidziwa chitsetso cha Chiweta. Mukapitirira Phwezi n'kufika cha ku mgodi wa malasha wa Mchenga, msewu umayamba kukhotakhota, nyanja ikuonekera kumunsi, anyani ali khale m'mbali kudikira wowaponyera nthochi. Malume, munthu wolongolola uja, pamenepa ankangoti zii mpaka titatsika.

Tsiku lina titafika pansi, mabuleki akununkha, anaimika lole n'kutulutsa sopo ndi kathawulo.

"Tsika iwe, ukandiperekeze. Maondowa andikwana."

"Kuchipatala, malume?"

"Chipatala chake chiti? Tiye ukaone."

Nyamakazi inali itawasautsa zaka zambiri. Tinalowa kanjira kolowera kuchigwa, mapiri atatitsekera uku ndi uku. Madziwo tisanawaone, fungo linayamba ndi kutilonjera, fungo la dzira lowola. Kenako nthunzi, kenako madzi akubwata pakati pa miyala yoyera mbuu. Pamene amatulukirapo amatentha pafupifupi madigiri 80, moti palibe woyerekeza kuviikapo phazi. Mayi wina anatipatsa moni wa Chitumbuka, "Monire," dzanja lina litagwira nkhuku yozinga kale. Anaiviika m'madzimo, n'kuivuula, n'kuyamba kusosola nthenga zikungochoka zokha. Nkhuni sanawononge ngakhale imodzi.

Osamba amatsikira kumunsi kumene madziwo afika poziziritsa. Malume anakhala pamwala, thalauzi atapinda, miyendo m'madzi, maso atatsinzina. Ine poti za Geography zinali zidakali m'mutu, ndinayamba kuwafotokozera kuti madziwo ndi a mvula wamba. Amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya thanthwe, amakatenthedwa ndi miyala ya kumeneko, n'kubwerera kumtunda atatenga sulufule. Ndinati nyanja yathu ili m'chigwa chachikulu chong'ambika, n'chifukwa chake akasupe otere aliponso ku Nkhotakota ndi ku Liwonde, ndipo ming'alu yamtundu womwewo ndiyo inagwedeza Karonga.

Anatsegula diso limodzi.

"Ndiye ukuti chimene chikundipatsa ganyu ya malata ndi chomwechi chikundithowa maondo?"

"Eya, malume."

"Basi, chisiye chigwire ntchito. Iwe khala chete."

Kunena zoona, nyamakazi sinathe, ndipo sindikhulupirira kuti pali madzi amene amaichotsa. Koma kufundako kumafewetsa mfundo, ndipo munthu amene ankatsika lole akubuula anabwerera kumsewu akuimba mluzu.

Vuto linabuka atakhala pampando. Thupi linali litalefuka, mwendo ukukana kuponda kilatchi, tulo tili m'maso. Anayang'ana msewu wolowera ku Chitimba, womwe ndi wosakwera, anandiyang'ananso ine.

"Unayamba wagwirapo chiwongolero?"

"Ayi, malume."

"Zungulira, ubwere mbali ino."

Mmene lole ya simenti inandizimira katundu ali pamsana, ndi zimene azakhali ananena atamva, ndidzakusimbirani m'gawo lotsatira.