Masamba Amene Agogo Anasuta

Pa laibulale yathu yaing'ono ya kuseri kwa msika anamata chipepala chaka chatha. Akuti bwerekani buku la Chichewa, liwerengeni, lembani maganizo anu patsamba limodzi, ndipo wopambana alandira njinga ya kapalasa pa 8 September, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za kulemba ndi kuwerenga. Za tsikulo ine sindinasamale. Chimene ndinaona ndi njinga: yakuda, ya keliyala yolimba, yoti mawa lake lomwelo munthu n'kuyamba kabaza.

Ndinasankha kabuku kopyapyala, poti ndimadzidziwa. Nkhani yake inali ya mnyamata wosiya chibwenzi kumudzi n'kupita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko. Ndinawerenga masiku anayi ndi tochi ya foni, nkhani n'kuyamba kukoma. Mtsikana akudikira, amalume ake akufuna kumukwatitsa kwa mwini golosale, mnyamata walemba kalata yoti akubwera. Tsiku lachisanu ndikuti ndimalize, ndinapeza chikuto chokhachokha. Masamba asanu ndi limodzi omaliza palibe.

Ndinafunsa ana, anakana. Kenako fungo linanditsogolera kukhonde, kumene agogo aamuna anali atatsamira khoma, chingambwe chili pakamwa, utsi tolotolo.

"Agogo, pepala mwapichirira fodyali mwalitenga kuti?"

"Iwe, mapepala akale ndiye abwino. Sathamanga moto ngati a nyuzi."

Misozi inalengeza. Koma agogo anati ndisadandaule, iwo ku Joniko anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri ndipo nkhani za Wenela amazidziwa mathero ake. Anandiuza za ndege imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 itanyamula Amalawi obwerera kumudzi kuchokera ku migodi, ngozi imene inachititsa Kamuzu kuletsa Wenela kulemba anthu kuno. "Mnyamata wakoyo anali momwemo," anatero motsimikiza ngati anamuona akukwera. Ndinaiwala kuti agogo sadziwa ngakhale "a".

Ndinalemba usiku womwewo. Ndinayamikira mlembi polimba mtima kupha mnyamatayo, ndinamudzudzula pang'ono posatiuza amene anadyetsa anthu pamaliro. Kunena zoona, chiyambire sukulu sindinalembepo chimangirizo chokoma chotero.

Tsiku la mphoto anthu anadzaza, a mfumu ali kutsogolo, agogo nawo ali pa benchi atavala jekete lawo la ku Joni. Atanditchula kuti ndiwerenge, ndinaika mawu achisoni mpaka mayi wina kumbuyo anati "Mayo ine!" Ndinayang'ana njinga, nayo ngati ikundiyang'ana.

Woweruza anali mphunzitsi wopuma, amene bukulo analiphunzitsa ku sekondale mpaka kuliloweza. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwati anafera mu ndege ya 1974?"

"Eya, aphunzitsi."

"Bukuli linasindikizidwa ndegeyo isanagwe. Mnyamatayo anabwera bwinobwino pa basi, ndi wailesi ndi bulangete, ndipo ukwati unachitika. Inu mwamupha chifukwa chiyani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Mayi uja anafuna kuti ndimubwezere misozi yake. Ine ndinatembenukira kwa agogo kuti andithandize, koma iwo anangokhosomola n'kunena mokweza kuti, "Ndiye kuti anasintha ndege."

Njinga anatenga kamtsikana ka Sitandade 7. Ine anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndilipire buku lonse, osati masamba okhawo. Ndalamayo ndinaipereka Lolemba, ndipo anandipatsa chotsalacho kuti ndi changa tsopano. Nditafika nacho kunyumba, agogo anachitembenuza uku ndi uku, anapima pepala lake ndi zala, n'kufunsa ngati mutu woyamba ndikuufunabe.